Njovu zanga zinatsalira m'nyumba

Mawu amene bambo wina wojambula zithunzi pamanja analankhula pamsonkhano wa makolo ndi achinyamata ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu.

Zikomo a wapampando. Mafumu athu, azibusa, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko, monire mose. Chitumbuka changa chathera pomwepo. (Kuseka.) Ndakhala kuno zaka zambiri, koma chimene ndimatha ndi chogulira tomato ku Zigwagwa, ndiye mundilole ndilankhule cha kwathu ku Dedza.

Ambiri mumangonditchula kuti ajambula aja. Mawu amenewa amasokoneza. Tsiku lina panabwera bambo wina kunyumba, jekete ndi tayi zili m'malo, akufuna chithunzi cha pachiphaso. Nditamuuza kuti akhale pampando ndipo adzachitenge pakatha masabata awiri, anaganiza kuti ndikumuchita chipongwe. Ine kamera ndilibe. Zida zanga ndi makala, burashi, penti ndi maso awiriwa.

Tsiku langa limayambira pazenera, chifukwa bwana wanga weniweni ndi nyengo ya Mzuzu. Inu nomwe mukudziwa kuti kuno mvula imachedwa kutsanzika. Anzathu kumwera akukolola, ife tikuyendabe ndi maambulera, ndipo Juni ndi Julayi akafika nkhungu imagona m'madambo mpaka dzuwa litakwera ndithu. Penti amamva zimenezi kuposa mawondo a nkhalamba. Pali wosungunula ndi madzi, uja amati acrylic, amene amauma madziwo akauluka. Tsiku la dzuwa simumaliza kapu ya tiyi iye atauma kale. Ndiye pali wa mafuta. Ameneyu samauma ngati zovala pachingwe ayi, amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, ndipo kukazizira mutha kudikira sabata yathunthu mukumugusa ndi chala n'kumamatabe. Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Ndinajambula banja lina patsiku la ukwati wawo, mwini wake n'kumandikakamiza kuti akufuna chinthu chake lero lomwe. Ndinachikulunga m'nyuzipepala. Pofika nacho kunyumba, nkhani zonse za mpira zinali zitadindika padiresi la mkwatibwi. (Kuseka.) Ndinajambulanso china, chaulere.

Pa nkhani ya mafutayi ndipatuke pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri sadziwa. Mzinda unowu unayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung. Njere za mtengo umenewu amayengera mafuta, ndipo mafutawo ntchito yake ndi yopangira penti ndi vanishi. Mzuzu anadzakhala mzinda mu 1985, koma mchombo wake uli m'chitini cha penti. Ndiye mukandiona ndili ndi madontho m'malaya musandiseke, ndine mwana wa m'nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti lero penti wojambulira zithunzi kumupeza kuno ndi ntchito. Timachubu tija timachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndinangosiya kufunsa mtengo. Ndimagula wopakira nyumba ku hadiweya, mitundu isanu basi: woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Ina yonse ndimasakaniza ndekha pambale yakale ya malata. Chikasu ndi buluu zimabala mtundu wa msipu, ndipo mukadonthezamo chofiira mumapeza mtundu wa dothi. Felemu ndimakhoma ndi timatabwa ta paini wa ku Chikangawa, totsala kwa akalipentala. Nsalu ndimaikoka mpaka izilira ngati ng'oma ndikaigogoda, kenako ndimaipaka penti woyera wosakaniza ndi guluu wa matabwa, kawiri kapena katatu, kuti isamwe utoto komanso mafuta asaidye. Makala a pambaula ndi olimba, amakanda nsalu. Anga ndimawotcha ndekha: ndimadula timitengo towonda ngati pensulo, kutilongedza m'chitini, kutseka, kuboola kabowo kamodzi pachivindikiro, n'kuika pamoto mayi a kunyumba akamaphika nyemba. Utsi ukasiya kutuluka pakabowo paja, ndimadikira chizizire. Makala ake amayenda pansalu ngati batala.

Ndimagwira ntchito kuyambira kuwala kukakhazikika mpaka cha m'ma 3 koloko. Usiku sindisakaniza mitundu, babu amanama; chimene mumayesa chikasu usiku, m'mawa mumapeza china.

Tsopano ndifike pa njovu. Kwa zaka zambiri ndinkajambula zinthu zitatu zokha: njovu, mlambe, ndi dzuwa lofiira pamwamba pa nyanja, pansi pake kabwato. Loweruka ndinkakwera minibasi kutsetsereka ku Nkhata Bay kukagulitsa kwa alendo ochokera kunja. Zinkayenda malonda, sindinama, ana anga anaphunzira ndi njovu zimenezo. Koma njovu yamoyo ndinali ndisanaionepo. Ndinkaonera pa chithunzi cha mnzanga, iyenso anaonera kwa mnzake, ndipo ndikukhulupirira kuti woyambayo anaonera pa kalendala. Nditadzapita ku Vwaza n'kuiona ndi maso anga, ndinachita manyazi ndi miyendo imene ndinkaipatsa. Tsiku linanso ndikuuza mzungu kuti ili ndi dzuwa likulowa m'nyanja, msodzi wina wachikulire amene ankasoka ukonde pambali anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, kuno dzuwa munaliona liti likulowa m'madzi?" Ndinasowa chonena. Ku Nkhata Bay nyanja ili kum'mawa. Dzuwa limatuluka m'madzi, n'kukalowa kumapiri, kuno kwathu. Zaka zonsezo ndinkaima pagombe lomwelo, koma sindinayang'anepo.

Mu 2020 kunabwera Covid, alendo anasiya kubwera. Njovu zinaunjikana kuseri kwa chitseko mpaka nkhungu ya m'nyumba inayamba kuzidya. Palibe aliyense wa muno mu Chibavi anabwera kudzagula ngakhale imodzi, ndipo sindikukudandaulani. Mukanagula bwanji? Munalibemo inu.

Pokhala ndinalibe chochita, m'mawa wina ndinatenga makala n'kukakhala pafupi ndi siteji ya anyamata a sacramento, aja onyamula anthu panjinga zakapalasa. Panali mnyamata wina woyandikana naye nyumba, amene ndinkamuona tsiku lililonse osamuona. Ndinamupempha, iye anavomera, bola ndisamuthawitsire makasitomala. Masiku atatu ndinamuyang'ana. Ndinaona kuti amavala majekete awiri, lamkati lalitali kuposa lakunja. Mwendo wakumanja wa buluku amaulowetsa m'sokosi kuopa tcheni. Khushoni ya pakaliyala anaikuta ndi nsalu yofiira ya mphonje, yosamalika kuposa malaya ake omwe. Akamadikira saima chilili, amatsamira njinga ndi chiuno, manja onse m'khwapa. Ndipo nkhope yake, imene ndikanangoipaka bulauni monga ndinkachitira ndi amayi osenza mitsuko a pa zithunzi zogulitsa zija, inali ndi mitundu yambiri. Pamphumi panali kabuluu kochokera kumwamba. Kunsi kwa chibwano kunali kofiirira, chifukwa katondo wa mumsewu amabweza kuwala. Khungu lathuli silili ndi mtundu umodzi, limatenga zonse zili pafupi. Achinyamata amene mumajambula, siyani kutsegula chitini cha bulauni n'kumati mwamaliza.

Nditamaliza ndinachiimika pakhonde kuti chiume. Anthu anayamba kuima pamsewu. Ana ankakuwa dzina lake. Amayi ena opita kuchigayo anatula thumba n'kuyamba kutsutsana ngati mphuno ndaikhoza kapena ayi. Njovu zanga palibe anaziimirapo chonchi, ngakhale ogula aja. Iwo ankangofunsa mtengo ndi kunenerera. Madzulo ake anabwera mayi ake a mnyamatayo. Anakhala pansi, kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Abambo, ameneyu ndi mwana wanga ndithu, mpaka kutopa kwake." Anachigula, ndalama anapereka katatu, ya kubanki mkhonde. Chili pabalaza pawo mpaka lero, pakati pa kalendala ya mpingo ndi wotchi.

Anthu amakonda kundifunsa kuti maganizo a zojambula ndimawatenga kuti, ngati kuti amabwera kumaloto. Ine ndimayenda wapansi basi, kakope m'thumba. Pa depoti, ku Taifa, pamlatho wa Lunyangwa, pamzere wa pampopi. Tiyeni tiyese pompano. Iwe wavala juzi yachikasu, phiri la Kaning'ina ndi la mtundu wanji? Wati lobiriwira. Wayankha ndi mutu, chifukwa ukudziwa kuti kuli mitengo. Mawa m'mawa ukaime pamsewu uliyang'ane. Ulipeza lili lotuwa mopita kubuluu, chifukwa pakati pa iwe ndi phirilo pali mpweya ndi chinyezi chambiri, ndipo chinthu chikatalikira mtundu wake umazilala. Ukalipaka kubiriwira kwa masamba a mpiru, phirilo lidzakhala ngati lili pakhomo pako. Chimodzimodzi mthunzi: ana onse amaupaka wakuda, koma yang'anani mthunzi wa nthochi pa dothi lofiira masana, muona kuti si wakuda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la ntchito yanga ndi limenelo, kukhala phee.

Koma kuyang'ana kuli ndi mwambo wake. Munthu sumujambula ngati mbuzi, umayamba wapempha. Ndinafunapo kujambula Vimbuza, gule amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Nditafika ndinapeza kuti amene akuvinayo ndi wodwala, wabwera kudzachira, sanabwere kudzaonetsa. Ndinabweza kope m'thumba. Ndinadzajambula patapita nthawi, nditalankhula ndi eni ake, ndipo nkhope sindinaionetse, koma miyendo, mangenjeza ndi manja a oimba ng'oma.

Ena mumati zojambulazi n'zachizungu. Kwathu ku Dedza kuli mapiri a Chongoni, kumene kuli malo 127 okhala ndi zithunzi pamiyala, ndipo mu 2006 UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira anajambula Akafula kalekale. Zoyera anajambula Achewa ndi dothi loyera, zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo zambiri za chinamwalizo ndi ntchito ya amayi. Ku Mua nako kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kumene osema ndi ojambula ambiri anaphunzirira. Koma mphunzitsi wanga woyamba sanali kumeneko. Anali agogo anga aakazi. Dzinja likatha ankazira nyumba, m'munsi dothi lakuda, pamwamba loyera, pakati mzere wa katondo, n'kumadinda timaluwa ndi zala zitatu. Ankadziwa dambo lopezeka dothi lililonse. Palibe anawatchulapo kuti ndi aluso, ankangoti ndi mayi waukhondo. Amayi muli muno, ndikudziwa ena mwa inu mumatha zimenezi, kungoti simenti inakulandani khoma.

Kwa makolo ndinene mosabisa. Ntchito imeneyi si yolemeretsa. Mwezi wina chimene chimandidyetsa ndi kulemba zikwangwani: saluni, bucha, dzina la minibasi, mapu a Malawi pakhoma la sukulu, ngakhale mawu a pamanda. Nazonso zachepa, poti ambiri tsopano amakadinditsa pakompyuta. Ndiye sindikuuzani kuti mwana asiye masamu. Koma mukapeza kumapeto kwa kope lake kuli magalimoto ndi nkhope za aphunzitsi, musathyole kamtengo. Bambo anga anathyola, Mulungu awause mtima, ndipo chimene anaphulapo n'chakuti ndinayamba kujambula mobisa. Mwana wodziwa kuyang'ana ndi kuyeza ndi diso adzakhala telala wabwino, mmisiri womanga wabwino, kalipentala amene mpando wake sutsimphina. Mugulireni kope lina la zojambula zokhazokha, kuti la sukulu lipume.

Inu achinyamata amene mwayamba kale, lembani dzina lanu ndi chaka pakona ya chithunzi chilichonse, ndipo chisanachoke m'manja mwanu chijambuleni ndi foni panja, pamthunzi. Masiku ano ogula ena amandipeza pa WhatsApp, ndalama n'kubwera pafoni pomwepo, chithunzi n'kukwera basi ya ku Lilongwe. Dziwaninso kuti wogula chithunzi wagula nsaluyo, sanagule ufulu woti akachidinde pa malaya n'kumagulitsa. Nkhani zotere ndi zimene bungwe la COSOMA limayang'anira, ndipo si la oimba okha.

Tsopano za khoma loti tijambulepo. A komiti atipatsa khoma la mpanda loyang'ana kumsewu, ndipo a wapampando anandifunsa kuti ndijambulapo chiyani. Ndawayankha kuti sindijambula ndekha, komanso sindisankha ndekha, chifukwa mudzalidutsa tsiku lililonse ndinu. Amayi a pampopi anena kale kuti pakhale za kusamba m'manja, pokumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 uja. Ndavomera, koma manjawo akhale a munthu wa muno, ndowa ikhale yathu yomweyi yomanga ndi waya pachogwirira. Anyamata a sacramento akuti njinga isasowe. Zina tikambirana tikatha pano.

Tidzagwiritsa ntchito penti wa madzi, chifukwa padzakhala ana. Penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana, komanso thina amapweteka mutu ndi chifuwa. Madzi otsukira maburashi sitidzataya pafupi ndi chitsime. Tiyamba Loweruka 8 koloko, kukacha bwino. Kukakhala chiperoni tidzangojambula ndi makala, penti adikire. Aliyense abwere ndi zovala zoti sadzazilira, zitini zakale ndi masiponji otha. Agogo amene munandinong'oneza kuti mukudziwa pamene pali dothi loyera kumtunda kwa dambo, musachoke, ndikufuna tipangane tsiku lokakumba. Mzere wa m'munsi mwa khomalo ndi wanu.

A wapampando, ndabweza mpando. Ngati pali mafunso ndilipo.