Kudekha kwa Wosema Ziboliboli Kumachokera Kuti?

Moni owonera nonse. Inu amene mumadutsa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mu Lilongwe muno mwaonapo ziboliboli zoyalidwa m'mbali mwa msewu. Lero tikufotokozerani chifukwa chimene mmisiri wozisema amakhalira phee pa ntchito yake ngakhale pali phokoso la maminibasi.

Yankho lili mu mtengo umene akusemawo. Phingo, mtengo wakuda bii mkati koma woyera chakukhungwa, ndi wolimba ndiponso wolemera kwambiri moti umamira m'madzi, ndipo umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Mmisiri akaugwira amadziwa kuti akasema mopyola muyezo sangabwezeretse chimene wachotsa. Kasemasema naye ndi wakuthwa, ndipo amatera pafupi ndi zala za dzanja limene lagwira mtengowo. Choncho maganizo a lendi, fizi ya ana kapena ngongole ya katapila amayamba aima, pakuti munthu sangawerengere ngongole zake uku akuyang'anira chala chake.

Taonani mmene akugwirira tchizulo. Asanamenye amayamba waona kumene mitsempha ya mtengo yalowera, chifukwa akalimbana nayo mtengo umang'aluka. Amamvetseranso kulira kwake: pamene pali mphako kapena mng'alu wobisika pamalira mosiyana ndi pamene pali pabwino. Maso, makutu ndi manja zonse zimakhala pa chinthu chimodzi, ndipo mtima umakhala m'malo. Kunena zoona uku si kupuma ayi, chifukwa msana umawawa ndipo m'manja mumatuluka matuza, koma nkhawa imasowa polowera.

Luso lotere silibwera msanga. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher, wansembe wa mpingo wa Katolika, anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo kumeneko amisiri ambiri anaphunzira kusema poyang'anitsitsa anzawo odziwa kale. Wophunzira amayamba ndi ntchito yotopetsa ya kunola zipangizo ndi kukwecha ndi sanipepa, ndipo pamenepo m'pamene amazolowera kusapupuluma.

Chimene chimasokoneza bata limeneli ndi msika. Phingo akusowa, ogula amanenerera mtengo, ndiye ena amasema mothamanga mitengo yofewa n'kuidetsa ndi polishi wa nsapato. Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti nawonso ali ndi mabanja ofuna chakudya. Koma mukanyamula chiboliboli chotero mudzamva kupepuka kwake, ndipo mukachitembenuza mudzaona kuti kunsi kwake sikunasalazidwe.