Za msana wa mphwanga uja

Achemwali, mwaswera bwanji ku Mzuzuko? Uthenga wanu ndaumva ndikuweruka, ndiye ndati ndiyankhe pamawu, kulemba kungatalike.

Za msana wa mnyamatayo, womwe mwati ukumuwawa akamapalasa bwato ku Nkhata Bay, musade nkhawa kwambiri, komanso musazipepule. Kuno ku Johannesburg ana a sukulu opalasa mabwato a mpikisano amadandaula zomwezi. Kawirikawiri vuto siliyambira kumsana ayi. Mwana wa zaka 15 mafupa amakula msanga, minofu ya kuseri kwa ntchafu n'kutsalira, yokungika. Ndiye akamakoka nkhafi, m'malo mopinda m'chiuno amapinda msana ngati uta, tsiku lonse. Kuwawako kumachokera pamenepo.

Achite chonchi. Agone chagada pamkeka, akole chitenje chanu kuphazi, akweze mwendo osapinda bondo mpaka amve kukoka kuseri kwa ntchafu. Akhale choncho masekondi 30, katatu mwendo uliwonse, m'mawa ndi madzulo. Kukoka kumveke, koma kusapweteke. Ndi kuzizira kwa kwanuko, asamayambe atangodzuka, ayambe wayenda kaye ndawala mphindi 10 thupi lifunde. Akatha agwade bondo limodzi, akankhire chiuno kutsogolo, masekondi 30 omwewo.

Tepi yomata pathupi akuivutikirayo ndimutumizira, koma mumuuze kuti sichiza. Amaiona pa osewera a pa TV, basi akuganiza kuti ndi mankhwala. Ntchito yake n'kumukumbutsa: akayamba kupinda msana imakoka khungu, iye n'kuwongoka. Mumate mizere iwiri, uku ndi uku kwa fupa la msana, atawerama pang'ono, osaikoka kwambiri. Khungu likhale louma, asadzole Vaseline, apo ayi imatuka pompo. Ikayamba kuyabwa chotsani, ndipo isapitirire masiku atatu.

Ku Nkhata Bay apume kaye kupalasa masabata awiri, koma asangogona, aziyendayenda.

Tsono apa mumvetsere bwino achemwali. Ululu ukatsikira kumwendo, kapena phazi likachita dzanzi, kapena akamadzuka nawo usiku, kapena ukamakula akapindira kumbuyo, musadikire, pitani naye ku Mzuzu Central Hospital. Kwa ana a msinkhu wake nthawi zina kafupa ka msana kamachita mng'alu, ndipo pamenepo tepi n'kutaya nthawi. Mkodzo ukamavuta kutuluka, ndi tsiku lomwelo. Poti amakhalitsa m'nyanja, mumufunsenso ngati sakukodza magazi, akamuyeze likodzo. Inu angachite nanu manyazi, auzeni alamu amufunse.

Mumupatse foni amve yekha. Ndiimba Lamlungu mukabwera kutchalitchi.