Masiku 60 pabedi lopendekeka: impso zimatani?

Taonani bedi ili. Kumutu ndi kotsika, kumiyendo ndi kokwera, lapendekeka ndi madigiri 6 okha. Mu 2019, mumzinda wa Cologne ku Germany, anthu 24 anagona pamabedi otere masiku 60 osadzuka. Kudya, kusamba, ngakhale kudzithandiza, zonse ali chigonere. Kafukufukuyu ankatchedwa AGBRESA, ndipo anamuyendetsa ndi bungwe la ku Germany lofufuza zamlengalenga, la DLR, mogwirizana ndi anzawo a NASA ku America komanso ESA ku Ulaya.

N'chifukwa chiyani anthu abwinobwino awagoneke chonchi? Kutumiza munthu kumlengalenga kumadya ndalama zankhaninkhani, ndiye akatswiri a ku Soviet Union, m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti ukamupendeketsa munthu motere, thupi lake limachita zinthu zambiri ngati kuti wafikadi kumene kulibe kulemera. Ku Moscow ena anachita kugona masiku 370. Chaka chathunthu, n'kupyolako!

Tiyambe ndi madzi. Pano pamene mwakhalapo, mphamvu yokoka ya dziko ikukokera magazi ndi madzi a m'thupi mwanu kumiyendo. Mukagona mutu uli m'munsi, madzi ambiri amasamukira kuchifuwa ndi kumutu. Nkhope imatupa, mphuno zimatsekeka ngati chimfine, mutu umalemera, koma miyendo imaonda n'kukhala ngati ya nkhuku.

Apa m'pamene thupi limapusitsika. Mtima umalandira magazi ambiri kuposa masiku onse, zipinda zake zam'mwamba n'kutamuka. Ukaona choncho umaganiza kuti madzi achuluka m'thupi lonse, chikhalirecho sanawonjezeke ndi dontho lomwe, angosintha malo. Umatulutsa homoni yotchedwa ANP, youza impso kuti zitaye mchere ndi madzi. Mahomoni osunga madzi amatsika. Impso sizifunsa zambiri, zimangomvera. Tsiku loyamba munthu amakodza pafupipafupi, ndipo pakangopita masiku ochepa, madzi a m'magazi amakhala atachepa ndi 10 mpaka 15 peresenti.

Madzi akachepa, magazi amatsala okhathamira, ngati phala lomwe lakhalitsa pamoto. Impso zomwezo, kwa amene mwina simudziwa, ndizo zimapanga EPO, homoni yolamula kuti maselo ofiira a magazi apangidwe. Zikaona kuti maselowa athithikana, zimachepetsa EPO. Kumlengalenga kwenikweni zimafika poipa: akatswiri a ku Ottawa anayeza anthu 14 amene anakhala pa International Space Station, siteshoni ya kafukufuku yozungulira dziko kumlengalenga, ndipo mu 2022 analengeza kuti matupi awo ankawononga maselo ofiira pafupifupi 3 miliyoni pa sekondi iliyonse, pomwe pansi pano ndi 2 miliyoni.

Koma bedi si mlengalenga, tisanamizane. Opita kumlengalenga sakodza kwambiri ngati ogona pabedi aja. Iwo ludzu limachepa, ena nseru imawavuta masiku oyamba, ndipo madzi ena amangotuluka m'mitsempha n'kukalowa m'minofu. Onse magazi awo amachepa, koma njira zake n'zosiyana, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene kafukufuku wa pabedi ayenera kumvedwa mosamala.

Nanga mafupa akulowa bwanji pa nkhani ya impso? Fupa losanyamula katundu limayamba kusungunuka, la m'chiuno limatha kutaya 1 peresenti kapena kuposerapo pamwezi. Kashiamu wake amalowa m'magazi, impso n'kumusefera mumkodzo. Kashiamu wambiri, mkodzo wochepa: timiyala ta mu impso timayamba motero. Mu 2009 makina osefa mkodzo kuti ukhale madzi akumwa pa siteshoni ija anatsekeka chifukwa cha kashiamu yemweyu. Ngati chitsulo chinatsekeka, nanga kanjira kopyapyala kochoka ku impso kupita kuchikhodzodzo? N'chifukwa chake opita kumlengalenga amawaumiriza kumwa madzi okwanira, ndipo mankhwala a potassium citrate anayesedwa n'kuoneka kuti amathandiza.

Tsiku lodzuka ndiye lovuta. Munthu akaimirira, magazi ochepa aja amathamangira kumiyendo, mutu n'kutsala wopanda kanthu. Maso amachita mdima, chizungulire, ena n'kukomoka. Ndiye opita kumlengalenga, kutatsala maola ochepa kuti atere, amameza mapiritsi a mchere ndi madzi pafupifupi lita imodzi. Ku Cologne kuja anayesa njira ina: ena mwa ogonawo ankawazunguza pamakina mphindi 30 tsiku lililonse, mapazi ali kunja, kuti magazi akankhidwire kumiyendo ngati munthu waimirira.