Kandege kaja ka ku Epworth: ndalama za madroni zili pati?

Zikomo a Tcheya. Makolo anga, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kufupi ndi chitseko kuti muzembe bwino, ndakuonani. Andiuza kuti ndiyankhule mpaka mpunga upse, ndiye sindizungulira.

Za ku Epworth, kunja kwa Harare kuno ku Zimbabwe, mwezi wathawu munazimva. Droni, kandege kaja kopanda munthu mkati, inazungulira pamwamba pa nyumba m'mawa wonse, ana n'kumaithamangira. Patapita masiku angapo kunatulukira anyamata awiri ovala majekete onyezimira aja, atanyamula mapepala osonyeza madenga, nyumba iliyonse yozunguliridwa ndi mzere wofiira, nambala pakati. Amati perekani madola 30 kuti sitandi yanu, puloti ya nyumba yanu, ilowe m'mapu a boma, mukachedwa nyumba igwa. Anthu anapereka. Ena muli muno munapereka, ndipo sindiloza chala, chifukwa amene anaona za 2005, chaka chija boma linagwetsa nyumba zambiri, akangomva zogumula nyumba, nzeru zimathawa. Lero foni ya anyamatawo sikupezeka. Koma pang'ono pokha ndikudzudzuleni: uthenga wawo unayenda pa gulu lathu la WhatsApp, lija tinatsegulira za maliro. Wina anatumiza, wina n'kuwonjezera kuti "fulumirani abale", popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti anthuwa atumidwa ndi ndani. Chala chimafulumira kuposa mutu.

Sabata yomweyo ku komiti ya gulu lathuli kunafika kalata ya achinyamata atatu, kupempha ngongole yoti agule droni ayambe bizinesi. A Tcheya anati, iwe umagwira ntchito ndi zinthu zimenezi, bwera udzatiuze. N'zoona, ndili pa kampani yoyeza malo, ndipo ntchito yanga ndi kukhala pa kompyuta n'kumalumikiza zithunzi zimene madroni abweretsa. Kwa ine nkhani ziwirizi ndi imodzi. Obedwa aja ndi ofuna ngongolewa, onse akuganiza kuti chuma chili m'chithunzi. Ayi. Chithunzi si yankho. Wa ndalama salipira chithunzi, amalipira yankho la funso lake. Mawu amenewa muwamva mpaka mutope nawo.

Tiyambire kutali pang'ono. Mu 2016 kampani yowerengera chuma ya PwC inatulutsa lipoti lonena kuti ntchito zimene madroni angathe kugwira padziko lonse n'za ndalama zoposa madola 127 biliyoni, zambiri m'zomangamanga ndi mu ulimi. Anthu a ndalama anathamangirako. Kampani ina ya ku San Francisco, Airware, inasonkhanitsa madola 118 miliyoni, koma mu 2018 inatseka. Ina yodziwika pa zaulimi, PrecisionHawk, inagwa kumapeto kwa 2023. Amenewatu sanali anyamata a mukando, kagulu kosonkherana ndalama, anali ndi akatswiri ndi maloya awo. Chinavuta n'chiyani? Mwa zina, kampani ya DJI ya ku Shenzhen, ku China, inadzaza msika ndi madroni abwino, otsika mtengo, osavuta kuulutsa. Umangolemba malire pa foni, iyo n'kunyamuka yokha, kujambula, n'kudzatera pomwe inanyamukira. Ndiye migodi ndi makampani omanga anati, aaa, bwanji tingogula yathu, tiphunzitse mnyamata wathu yemwe? Mtengo wongoulutsa unatsika, ndipo ukutsikabe.

Achikulire mukukumbuka ojambula a mu Africa Unity Square ndi ku Harare Gardens, kamera pakhosi, jekete la matumba ambirimbiri. Munthu ankavala suti ya ukwati kukajambulitsa chithunzi chotumiza kumudzi, ku Dedza kapena ku Mangochi, kuti aone kuti kuno zikuyenda. Itabwera foni ya kamera, atsala angati? Woulutsa droni amene amangodziwa kuulutsa ali pa njira yomweyo.

Nanga ndalama zatsalira pati? Ndikuuzeni ntchito imene timagwira kumapeto kwa mwezi pa kwale ina, malo ophwanyira miyala, kunja kwa tauni. Mwini wake ali ndi milu ya miyala yophwanya, ndipo wowerengera ndalama wake amafuna kudziwa kuti pa mulu uliwonse pali miyala yochuluka bwanji. Kale munthu ankakwera mulu ndi ndodo yoyezera, miyala ikugumuka kumapazi, tsiku lonse. Ife timafika m'mamawa kuyala zizindikiro pansi, timabolodi takuda ndi toyera, kutipanikiza ndi miyala kuti mphepo isatitenge. Pakati pa kabolodi kalikonse timayeza ndi GPS ya oyeza malo, ija yolondola mpaka masentimita, osati ya pa foni yanuyi imene imakuikani pa khonde la aneba. Kuyala kumeneko ndi kumene kumadya nthawi. Kuuluka kwenikweniko ndi batire limodzi kapena awiri, lililonse theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Droni imayenda mizeremizere, zithunzi mazanamazana, chilichonse chikubwereza mbali yaikulu ya chinzake. Ukafika usiku ndi ine ndi kompyuta. Pulogalamu monga Pix4D kapena Metashape imafunafuna mwala womwewo m'zithunzi zingapo, n'kuwerengera kukwera kwa malo aliwonse, mpaka mulu uja waima pa sikirini, ungathe kuuzungulira ndi mausi. Magetsi akathima pakati, khofi wina, kuyambiranso. Pomaliza ndimatumiza pepala limodzi lokha: mulu uwu makiyubiki mita akuti, uwo akuti, kusiyana ndi mwezi watha kwakuti. Abwana aja zithunzi sazitsegula n'komwe. Amalipira pepalalo, ndipo amalipira mwezi ndi mwezi chifukwa funso lawo limabweranso mwezi ndi mwezi. Msika walowera kumeneko, ku ntchito zobwerezabwereza za kontirakiti. Dziko lino lili ndi migodi ya platinamu mu Great Dyke, ya lithiamu ku Bikita ndi ku Goromonzi, misewu, madamu, ndipo kulikonse kumene dothi likusunthidwa kuli munthu wofuna kudziwa kuti lasuntha lochuluka bwanji. Wa ndalama amalipira yankho.

Achinyamata aja m'kalata yawo alemba kuti azithandiza alimi. Maganizo abwino, koma tiyeni tiwerengere. Pali makamera amene amaona kuwala kumene diso la munthu siliona, ndipo amasonyeza chigawo cha munda chimene mbewu zafooka masamba asanachite chikasu. Kwa mwini minda ya nzimbe ku Chiredzi, kapena wa tirigu wothirira wa mahekitala mazana, zimenezo ndi ndalama, chifukwa adziwa pothira feteleza ndi posathira. Nanga azakhali anu olima kandime ka chimanga m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi? Iwo amalowa m'munda, kusuzumira mumtima mwa chimanga, n'kuona ntchemberezandonda ndi maso awo. Akulipirani chiyani? Komanso muli ndi opikisana nawo amene simukuwadziwa. Masetilaiti a ku Ulaya otchedwa Sentinel-2 amajambula munda uliwonse pafupifupi masiku asanu aliwonse, ndipo zithunzizo n'zaulere pa intaneti. Inde sizioneka bwino, kadontho kamodzi ndi mamita 10 pamene droni imaona masentimita, komanso m'dzinja mitambo imatchinga. Koma chaulere n'chaulere. Chimene chikukula m'minda ndi madroni opopera mankhwala, monga DJI Agras T40 imene imanyamula malita 40, olipiritsa pa hekitala. Kungoti imeneyo ndalama zake mungagulire galimoto, ndipo imafuna jenereta, mabatire osinthanitsa, madzi, ndi munthu wodziwa mankhwala.

Kwathu ku Malawi anatitsogolera pa izi, musadabwe. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserera madroni, makilomita 40 kuzungulira bwalo la ndege. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, ndipo kumeneko saphunzitsa kuulutsa kokha, amaphunzitsanso kupanga mapu ndi kumasulira zimene zajambulidwa. Namondwe Freddy atawononga ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023, madroni anathandiza kuona kumene kwagumuka. Ntchito yabwino ndithu. Koma ntchito za mtundu umenewo zimadalira mabungwe othandiza, pulojekiti ikatha ndalama zatha. Osamangira ngongole pamenepo.

(Mayi wina wachikulire aimirira: "Mwanawe, za mabiliyonizo ife sizikutikhudza. Bafa langa lilibe denga. Kandege kaja kanadutsa ine ndikusamba. Chithunzi changa chili kwa ndani?")

Musaseke, musaseke. Amayi afunsa chimene ambiri mukuchita nacho manyazi. Khalani pansi amayi, ndikuyankheni bwinobwino. Ngati kanali m'mwamba kwambiri, mmene timaulutsira popanga mapu, kamera imaloza pansi chindunji, ndipo munthu amangooneka mutu ndi mapewa, nkhope ayi. Koma sindikunamizani, kakatsika, kapena kakakhala ndi kamera yokoka zakutali, kamaona zambiri. Ndipo ine chimene chimandidetsa nkhawa si bafa lokha. Mapu oterowo amaonetsa amene ali ndi sola pa denga, thanki ya madzi, khola la nkhuku, mpanda wogumuka kuseri, chipinda chowonjezera cha lendi. Zimenezo n'zogulitsika, kwa otsatsa malonda ngakhalenso kwa akuba.

Malamulo alipo amayi. Kuyambira 2018 pali lamulo la madroni, Statutory Instrument 271, ndipo oyang'anira ndi a zandege, a CAAZ. Droni iyenera kulembetsedwa, woulutsa pa malonda akhale ndi laisensi, kampani yake nayo ikhale ndi chiphaso. Asapitirire mafiti 400, ndiwo mamita pafupifupi 120, ndipo kufupi ndi bwalo la ndege saulutsa popanda chilolezo. Tsono Epworth ndi bwalo la Robert Gabriel Mugabe n'zoyandikana, ndege zikuluzikulu mumaziona nokha zikutsika. Palinso lamulo la 2021 loteteza zinsinsi za anthu, Cyber and Data Protection Act, ndipo oyang'anira ake ndi a zamafoni ndi mtokoma, a POTRAZ. Ndiye mukaona kandege, dziwani kuti mwini wake sali kutali, amaima poti azikaona. Tumani anyamata aulemu, osati aja a pa botolo, akamufunse kuti watumidwa ndi ndani, mapepala ali kuti, khansala akudziwa kapena ayi. Wa ntchito yoona sakwiya, ife mapepala timayenda nawo m'galimoto. Koma legeni ayi. Adzukulu anu asakagende. Kakagwera pa mutu wa mwana mapiko akuzungulirabe, kapena batire likayaka pa denga, mlandu wasanduka wanu. Ndipo abambo aja amanena kuti ndi lichero la afiti langosintha maonekedwe, pepani bambo, limeneli limatchajidwa pa soketi.

Pepala la mzere wofiira lija, amayi, si chikalata cha malo. Malire a sitandi amaika ndi woyeza malo wolembetsedwa, mapu ake avomerezedwe ku ofesi ya Surveyor General, chikalata chituluke ku Deeds Office. Droni ikhoza kumuthandiza woyezayo, koma siisayina. Chithunzi si yankho, ndipo musalipire chithunzi.

Ndikuona mapoto afika ndipo makosi onse atembenukira uko, ndiye mwachangu. Wobwera ndi mapu pakhomo musamupatse kalikonse, kafunseni kaye ku khonsolo kapena ku Local Board, ndipo ndalama ya boma imakhala ndi lisiti. Uthenga wosadziwika gwero lake usamaponyedwe pa gulu. Achinyamata atatu aja, ine ndikuti komiti idikire kaye. Yambani ndi mapulogalamu opangira mapu a QGIS ndi OpenDroneMap, n'zaulere, zithunzi zophunzirira zili pa intaneti. Pezani munthu mmodzi wa funso lobwerezabwereza, womanga, wa kwale, wa famu, mumufunse chimene amalipira kale kuti achidziwe. Ntchito yoyamba gwirizanani ndi amene ali ndi droni ndi mapepala, iye aulutse, inu mukonze zotsatira, mugawane. Musaitanitse droni kunja musanapite ku CAAZ, ikhoza kukagwidwa pa chipata cha malire cha Beitbridge. Muwerengere mabatire, inshuwalansi, maphunziro a laisensi, ndi laputopu yamphamvu, osati ija yoonera mafilimu. Mukabwera ndi kasitomala wosayina pa pepala, tidzakhalanso pansi.

Ofuna kuona mmene mapuwa amaonekera, ndikhala pa tebulo la kumbuyo tikatha kudya, bola mubwere m'manja mutasamba. A Tcheya, ndabweza kwa inu.