Makalata a Omvera: Don wa ku Ndirande

Takulandiraninso omvera nonse. Thumba la makalata sabata ino lalemera, ndipo ambiri mwalemba za kanema uja tidamutchula Loweruka lapitali, The Godfather wa 1972. Tiyambe ndi zing'onozing'ono.

Achimwene a ku Kasungu mukufunsa kutalika kwake. Ndi maola atatu kuperewera mphindi zochepa, ndiye idyeranitu nsima. Anzathu a ku Chipata mukuti kodi mutu wa hatchi uja wa pabedi unali weniweni? Ee, unali weniweni, adakautenga ku kampani yopanga chakudya cha agalu. Pepani inu amene muli pa mbale.

Koma kalata imene yandikhalitsa pansi ndi ya mayi a ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga wa zaka 19 waonera kanemayu kambirimbiri pa foni. Pano akuti tizimutchula Don, akulankhula monong'ona ngati wagwidwa chimfine, ndipo ndikamudzudzula amandiyankha kuti kanemayu adapata mphoto ya Oscar, ndiye ine ndikudziwapo chiyani. Kodi azungu amapereka bwanji mphoto kwa anthu opha anzawo?"

Mayi, ndayamba ndaseka, mundikhululukire. Kenako ndawerenganso kachiwiri, kuseka kwatha.

Za mphotozo mwana wanu sakunama. Pa 27 March 1973 ku Los Angeles kanemayu adatenga ma Oscar atatu: ya kanema wopambana onse, ya Marlon Brando, amene adasewera ngati Don Vito Corleone, mkulu wa banja la zigawenga, monga wosewera wamwamuna, ndi ya kalembedwe, imene adagawana Mario Puzo, mwini buku, ndi Francis Ford Coppola, wotsogolera kujambula. Atatu okha. Usiku womwewo kanema wina wotchedwa Cabaret adakolola asanu ndi atatu, ndipo ya wotsogolera kujambula idamudutsa Coppola n'kupita kwa Bob Fosse. Nachi china chimene Don wanuyo mwina sadachimve: Brando mphotoyo adaikana. Ku mwamboko sadapiteko, adatuma mtsikana Sacheen Littlefeather kukanena kuti sangailandire chifukwa cha mmene makanema a Hollywood ankanyozera eni nthaka a ku America. Ena m'holomo adamukuwiza mtsikanayo. Akuluakulu a Academy, bungwe lopereka ma Oscar, adadzamupepesa mu 2022, ndipo adamwalira chaka chomwecho. Ndiye ngati mnyamatayo akufunadi kutsanzira Brando, ayambe wakana kanthu, ngakhale ndalama ya mayunitsi imene mumampatsa.

Tsono funso lanu lenileni. Mphoto ija sadapereke chifukwa cha kupha, mayi, adapereka chifukwa cha luso losonyeza mmene munthu amaonongekera. Michael Corleone, mwana wa Don m'kanemamo, timayamba kumuona pa ukwati wa mlongo wake atavala yunifomu ya usilikali, mnyamata waulemu, akuuza chibwenzi chake kuti za kwawozi iye sizimukhudza. Pomatha kanema waima m'tchalitchi ngati mboni pa ubatizo wa mwana wa mlongo wake yemweyo, pakamwa akukana Satana, kunjaku anyamata ake akupha anthu amene iye walamula. Kenako aphetsa bambo wa khandalo, anamiza mkazi wake maso ali gwa, chitseko n'kumutsekera mkaziyo panja. M'gawo lachiwiri la 1974 afika pophetsa Fredo, m'bale wake wa bere limodzi, n'kutsala yekhayekha pampando. Suti zokongola zija ndi chikomekome cha mkuyu. Nyerere zake Coppola sadabise, anyamata athuwa ndi amene amatseka maso pamenepo.

Ndipo si inu nokha, makalata anayi sabata ino adandaula zofanana. Mundilole ndikalipe pang'ono. Mwalemba kuti mwanayo waonera kambirimbiri. Nanga inu mwaonerako? Ife makolo timagula foni, timapereka, basi tathana nazo, ndiye tidabwe mwana akabwera ndi dzina lachilendo. Khalani naye pa mkeka, muonere limodzi mpaka pa chitseko paja, mumufunse kuti amene watsekeredwa panjayo akanakhala inu akanamva bwanji. Abambo nanunso, paja makalata onse anayiwa alemba ndi amayi. Inu muli kuti? Ku bawo?

Tipitirire. Achemwali a ku Mzuzu, zoona, Al Pacino, amene adasewera ngati Michael, sadapate kanthu pa ma Oscar a 1973 aja. Adapikisana m'gulu limodzi ndi James Caan ndi Robert Duvall, onse a kanema mmodzi, mphoto n'kupita kwa Joel Grey wa Cabaret. Yake adadzailandira mu 1993. Kwa ine adamubera, koma ine sindivota nawo.

Bambo a ku Johannesburg, gawo lachiwiri lidatenga ma Oscar asanu ndi limodzi, kuphatikizapo ya Robert De Niro, ndipo linali loyamba mwa makanema opitiriza nkhani kupambana onse. Lachitatu la 1990 adalitchula m'magulu asanu ndi awiri, lidabwerako chimanjamanja.

Agogo a ku Dedza mwapempha nyimbo ya The Godfather. Woipeka, Nino Rota, adamuchotsa pa mpikisano wa 1973 atazindikira kuti mbali ina adaigwiritsapo kale ntchito m'kanema wa ku Italy wa 1958, koma ya gawo lachiwiri adapata nayo mphoto. Nayi agogo, kwezani wailesi. Mayi a ku Ndirande, muitaneni Don abwere adzamvere.