Madzi akuda a kumtaya aja amapita kuti?

[Kamera ikuonetsa mulu wa zinyalala ku mtaya wa Robinson Deep ku Johannesburg, magalimoto a Pikitup, kampani ya mzinda yotola zinyalala, akukhuthula]

Abale anga a kuno ku Joni, chimulu mukuchionachi si cha mgodi ayi, ndi zinyalala zathu zomwe. Ndiye mvula yamabingu ya mu Disembala ija ikagwa apa imalowa mkatimo, kudutsa m'zakudya zowola, matewera, mabatire akutha, n'kukatulukira pansi ili bii ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake osanena. Madzi amenewo ndiye leachate, muli amoniya, mchere ndi zitsulo zapoizoni, akangolowa m'nthaka basi kukawachotsako ndi ntchito ya zaka.

Mitaya ya Johannesburg ikudzaza, ndiye akafuna kukulitsa sangangokumba dzenje n'kuyamba kutaya. Malamulo a South Africa a 2013 amati pa zinyalala za m'makomozi pansi payambe dongo lotsendera bwino, mamilimita 600, pamwamba pake pulasitiki yakuda ya HDPE yokhuthala mamilimita 1.5, kenako miyala yokhala ndi mapaipi oboolaboola oti azikoka madziwo kupita ku damu lake kuti akatsukidwe.

[Pafupi: anthu awiri akuwotcherera pulasitiki ndi makina]

Onetsetsani apa. Pulasitikiyi imabwera m'mipukutu, amailumikiza ndi kutentha, mizere iwiri pakati n'kusiya kanjira, kenako amapopera mpweya m'kanjirako, geji ikatsika ndiye kuti penapake pakudontha. Komatu kamwala kamodzi kosongoka kapena woyendetsa thirakitala wopupuluma, yabooka, ndipo zinyalala zikaunjikana pamwamba ndani akafukule?

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi mbali yakale. Mitaya yambiri inayamba malamulowa kulibe, pulasitiki yatsopano ikuteteza gawo latsopano lokha, kwakaleko ndi kufotsera pamwamba mvula isalowe, kukumba ngalande, ndi kukumba zitsime zoyezera kumtunda ndi kumunsi kwa mtaya n'kumafananiza madzi ake. Madera ena a Gauteng pansi pake pali mwala wa dolomite wokhala ndi mapanga, madzi amathamanga mmenemo osasefedwa n'komwe.

Mwina mukuti ife timamwa madzi a m'mipopi a kampani ya Rand Water ochokera ku Vaal Dam, zikutikhudza chani. Eya, koma mmene mipopi ikuumiramu anthu akukumba mijigo m'mayadi, ndiye ngati kumene mukuchita lendi kuli mjigo ndipo mtaya uli pafupi, afunseni a landilodi kuti madziwo anayezetsa liti.