Shuga wanu watuluka wokwera? Musanachite mantha onerani kaye iyi

Muli bwanji abale, takulandiraninso pa tchanelo chathu. Lero tikambe za kanambala kaja kamatuluka pa kamakina akakubayani chala.

Azakhali anga anandiimbira foni mawu akunjenjemera, akuti mwanangu shuga wanga wafika 160, basi ndapita ine. Kufunsa bwinobwino, anayezetsa atangomwa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri, komanso kamakinako kamawerenga mu mg/dL pomwe tina timawerenga mu mmol/L. Kusintha kwake mumangogawa ndi 18, ndiye 160 uja ndi 8.9 chabe, munthu atangodya kumene sizodabwitsa kwenikweni.

Ndiye funso loyamba, munali mutadya kapena ayi? Ngati mwayezetsa m'mawa mutatha maola 8 osadya kanthu, madzi okha, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mu mmol/L, pansi pa 6.1 zili bwino, 6.1 mpaka 6.9 ndi chenjezo, 7.0 kupita m'mwamba ndi pomwe amaganizira matenda a shuga. Mukayezetsa nthawi ina iliyonse n'kupeza 11.1 kapena kuposa, kwinaku muli ndi ludzu losatha, usiku mukudzuka kanayi kukataya madzi, mukuonda koma mukudya, apo musachedwe pitani kuchipatala.

Ngati mulibe zizindikirozi nambala imodzi siyokwanira, adokotala amabwereza tsiku lina. Palinso kuyeza magazi kwina kotchedwa HbA1c, imaonetsa m'mene shuga wakhalira miyezi iwiri itatu yapitayi, 6.5% kupita m'mwamba ndiye matendawo. Koma ngati muli ndi vuto lochepa magazi auzeni, imatha kunama.

Amene muli pa chenjezo paja, anthu amakonda kunena kuti ingodyani mgaiwa. Eya ndi wabwinoko kuposa ufa woyera, koma mitanda inayi ya mgaiwa imakwezabe shuga, tisanamizane. Chepetsani mitanda, chulukitsani bonongwe, nkhwani, nyemba. Fanta, Sobo ndi thobwa lothira shuga lija muzipatse tchuthi, muziyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, olo kutsika minibasi siteji imodzi musanafike. Ndipo ngati anakupatsani kale mankhwala a shuga monga metformin musasiye chifukwa cha zitsamba za pa WhatsApp chonde.

Azakhali aja tapangana Lolemba m'mamawa ndikawaperekeza kukayezetsanso, ndawauza kuti tiyi akamwa tikabwerako.